Ndinakawasiya a Giya Kunyanja

1

Ndiyamba ndi theka la tchimo langa. Theka linalo mulipeza kutsogoloku, musathamange.

Amuna anga anayendetsa mathiraki zaka makumi awiri ndi zisanu. Anzawo ankawatchula kuti a Giya, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka ine mkazi wawo ndinatsala pang'ono kuiwala lenilenilo. Iwo ankanditchula kuti Wailesi, ati ndilibe kabatani kozimitsira. Sindinakane. Munthu woluka tsitsi m'saluni ngati ine, pakamwa ndiye mpamba wake. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma ya miseche ndinakhoza ndi mendulo.

Kenaka matenda a shuga anawadya maso. Anayamba ndi kudandaula kuti babu la pabalaza likuzilala. Ndinasintha mababu atatu. Pomatha chaka anali akuyenda chokakamira khoma ngati nalimata.

Ndinawasamala zaka zitatu. Jakisoni m'mawa, jakisoni madzulo. Kuwawenga zikhadabo, kuwawerengera masitepe, kuwauza kuti malaya avala mozondotsa. Ku saluni ankandiyamikira, ati amayi inu ndinu golide. Golide ameneyo akafika kunyumba ankakhala m'bafa mphindi makumi atatu, osasamba, kungofuna malo amene munthu sangamuitane.

Tsiku lina ndikuwathirira tiyi anati, "Wailesi, ndinakulonjeza kale kuti ndidzakuonetsa msewu wa kumapiri, uja wotsikira kunyanja yamchere. Ndadutsako kambirimbiri ndi katundu wa eni ake, iwe osapondako. Tiye. Uyendetsa ndiwe, ndipo uzindiuza zomwe ukuona. Tikamupatsenso moni mlongo wanga."

Mlongo wawoyo amakhala kumeneko, m'mphepete mwa nyanja, mayi wamasiye amene sindinawaonepo mano. Tsiku lomwelo ndinalongedza zikwama zawo ziwiri. Chaching'ono, cha masiku anayi, ndinawapatsa kuti achigwire ndi manja awo. Chachikulu sanachigwire. Munali zovala zawo zonse, nsapato, ndi mankhwala a miyezi itatu.

Ndinkapita kukawasiya. Alamu angawo sindinawaimbire foni. Ukafuna kumusenzetsa munthu mtolo sumufunsa kaye ngati khosi lili bwino.

2

Galimoto yathu ndi ya bokosi, yokhala anthu awiri kutsogolo, kumbuyo kuli chidenga chachitsulo ndi chitseko chake. Anaikonza dzulo lake ndi Sipanala, makaniko wa kuseri kwa msika, mnzawo wa a Giya kuyambira onse akadali ndi tsitsi.

"Mabuleki ndaika atsopano, achimwene," anatero akupukuta manja. "Koma alamuwa pa mtsetse muwagwire. Phazi lawo ndi la m'saluni."

"Ukanatiperekeza," anatero a Giya.

"Ntchito yandipanikiza, achimwene. Ulendo wina."

Tinanyamuka m'mamawa. M'chigwa msewu unali wosalala, a Giya atatsegula windo, chigongono panja ngati kale. Pa chitunda choyamba injini inabuula.

"Wanyamula chiyani kumbuyoko?"

"Zikwama, madzi, tayala lapadera."

"Masiku anayi okha?" Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi. "Tsitsa giya. Zikwama zako zanenepa, mayi."

Ndinayamba ntchito yanga. Ndinawauza za minda ya m'mphepete mwa phiri, mizere yake yolukidwa bwino ngati mutu wa mkwatibwi. Ndinawauza za phiri lina lometedwa mpala mbali imodzi, mbali inayo mitengo ya paini itaima ngati tsitsi losapesa. Nkhungu inali itakhala m'zigwa ngati thovu la sopo m'beseni. Nditatopa ndi zoona ndinayamba kukometsera. Ndinawaikira utawaleza pomwe panalibe ndi mtambo womwe. Ndinawaikira mbawala zitatu zikudya msipu.

"Bodza," anatero akumwetulira. "Apa pali khoma la miyala kumanzere, ndipo tikangokhota pali mlatho wopapatiza. Mbawala ikafuneko chiyani? Imba hutala."

Tinakhota, mlatho uwo. Ena amawerenga ndi maso, a Giya msewu ankauwerenga ndi matako.

Masana tinaima pa mathithi. Ndinawatsogolera mpaka pa chitsulo chotchingira anthu, kamvula ka mathithiwo kakuwanyowetsa nkhope.

"Pano unene zoona zokhazokha," anatero, atandigwira dzanja lamanzere.

Ndinanena zoona. Madzi oyera ngati mkaka, miyala yakuda, timbalame tolowa kuseri kwa madziwo n'kutulukira mbali ina tili touma. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Zikomo, Wailesi."

Ndikanakhala munthu ndikanalira. Ine ndinawafunsa ngati akufuna dzira lowiritsa.

3

Tinagona pa malo ena a alendo omangidwa ndi matabwa, pamwamba penipeni, pomwe madzi a pampopi amaluma zala. M'mawa a Giya anadzuka ndi chimwemwe chimene sindinachione kwa zaka zitatu. Anazungulira galimoto akuisisita, nakankha matayala ndi phazi limodzilimodzi.

"Kutsogoloku kuli kamsika ka ziweto," anatero titakwera. "Sindingapite kwa mlongo wanga chimanjamanja."

"Timugulire shuga ndi sopo."

"Shuga ndili naye kale wokwana banja lonse. Ndikufuna mbuzi."

Anasankha okha, ndi manja ndi mphuno. Anakana ya thazi, anakana ya mwana. Anagwira tonde wamkulu wanyanga zopotana, wonunkha moti ntchentche zinkamulambalala.

"Ameneyu," anatero. "Mukwezeni kumbuyo."

"Bambo, fungo limenelo lilowa m'zovala."

"Zovala amachapa."

Wogulitsa mbuziyo atatsegula chitseko cha kumbuyo anaima. Anandiyang'ana ine, anayang'ana a Giya, anandiyang'ananso ine. Ndinamutsinzinira diso n'kumufumbatitsa kangachepe.

"Muli malo?" anafunsa a Giya.

"Malo... alimo, bwana."

"Ndiye mumasuleni chingwe. Tonde womangidwa amafika atadzipotokola khosi."

Chitseko chitatsekedwa, a Giya anapisa m'thumba la jekete natulutsa loko wamkulu amene ankakhomera thiraki yawo kale. Sindinkadziwa n'komwe kuti anamutenga. Anafufuza ndi zala, anakhoma, kiyi m'thumba.

"Kuno kuli akuba a m'zitunda," anatero. "Galimoto ikamakwera pang'onopang'ono amatsegula kumbuyo n'kumatsitsa katundu iwe ukuimba nyimbo. Tiye. Ukaona thanki ya madzi kumanja, usiye phula, ulowe njira ya odula mitengo."

"Phula lalakwanji?"

"Phula ndi la anthu othamangira maliro. Ife tili pa tchuthi."

Njira imeneyo sinali njira, inali chilango. Maenje, miyala, mizu ya mitengo, timitsinje topanda milatho. Ndikachepetsa liwiro ankandidzudzula.

"Pa mabampu galimoto imafuna liwiro, mayi. Ponda."

Ndinaponda. Kumbuyo kunkamveka ngati anthu akusamutsa nyumba. Tonde ankalira, zikwama zinkagunda chidenga, tayala lapadera linkayendayenda.

"Tiime pang'ono, ndikaone katundu."

"Suima pa chitunda uli ndi katundu. Nena, kumanzereku kuli chiyani?"

"Mitengo."

"Dzulo unali ndi utawaleza ndi mbawala. Lero mabatire atha?"

Maola asanu. A Giya anadya nthochi, anaimba nyimbo za m'mathiraki, anandiuza dzina la kona iliyonse ndi anzawo amene anagwerapo. Kiyi ali m'thumba, dzanja lili pamwamba pake.

4

Tinatulukira pamwamba pa phiri lomaliza, pomwe phula limayambiranso. Ndinaimika galimoto popanda kupempha. Kutsogolo dziko linangotha, ndipo pansi patali panali nyanja, yobiriwira kufupi, yakuda kutali, yopanda tsidya.

Nditazimitsa injini, kumbuyo kunamveka kugogoda. Katatu. Kenaka katatu kena.

"Tonde wanzeru," anatero a Giya. "Amagogoda ngati mlendo. Liza galimoto, tikafike."

Theka lina lija ndi ili. Kumbuyo kuja kunali Sipanala.

Tinali titayamba chaka chimodzi m'mbuyomo. Ankabwera kudzacheza ndi mnzake, kumuwerengera nyuzi, kumuuza za mpira. Potuluka ndinkamuperekeza mpaka pa geti. Geti yathu ili pafupi, koma mudziwa inu, mtunda umatalika malinga ndi amene ukuyenda naye.

Nzeru yomutenga inali yanga. Ndinkaopa kubwerera ndekha m'mapiri amenewo, chimenecho n'choona. Koma chinanso n'chakuti ndinkafuna tchuthi changa, chenicheni, pobwerera, ndi mwamuna woona kumene akuponda. Ndinamuyalira matiresi kumbuyo, bulangete, botolo la madzi. Iye anakwera pamene a Giya anali akadali m'bafa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ine ndinkati pusiyo anali wopusa yekha.

Tsiku loyamba zinayenda ngati mafuta. Tikaima ndinkasiya injini ikulira kuti chitseko chisamveke, iye n'kutsika. Pomwera tiyi ankakhala tebulo loyandikana nalo, a Giya akundifotokozera za misewu, iye akundikwezera kapu. Tinkaluma milomo kuti tisaseke. Ku malo a alendo kuja anatenga chipinda cha kumapeto.

Ndipo pa mathithi paja, pamene amuna anga anandigwira dzanja lamanzere n'kunena kuti zikomo, lamanja linali m'dzanja la Sipanala.

Tinkaganiza kuti munthu akafa maso wafa yense. Makaniko wathunthu ndi mkazi wa dalaivala, tonse awiri osakumbuka kuti tabisa munthu m'galimoto ya munthu amene ntchito yake yonse inali kumva katundu ali kumsana.

5

Tinatsika phiri ndi giya yachiwiri, a Giya akuwerenga makona. Mpweya unayamba kutentha ndi kumata. Tinadutsa minda ya mchere yoyera mbee, ngalawa zogadamitsidwa, maukonde oyanikidwa pa mitengo. Sindinanene chilichonse, iwonso sanafunse.

Dzuwa lili pamutu tinafika. Nyumba ya alamu anga inali chapamtunda pang'ono, ya geti yobiriwira, monga anandifotokozera a Giya. Ndinafuna kukhotera kumeneko.

"Kunyanja kaye," anatero.

Anavula nsapato, anapinda buluku mpaka m'mawondo. Ndinawatsogolera pa mchenga wotentha mpaka mafunde anawanyambita mapazi. Anawerama, anatunga madzi m'dzanja, analawa, analavula.

"Ndi yomweyo," anatero. Kenaka anapisa m'thumba nanditambasulira kiyi. "Kamutsegulire. Chikhodzodzo cha munthu wa zaka makumi asanu si thanki."

Ndinayesa kuseka. "Mbuzi ili ndi zaka makumi asanu?"

"Wailesi."

Mawu awo anali ofatsa moti ndinalandira kiyiyo.

"Munadziwa liti?"

"Pa kona yachitatu kuchokera kunyumba. Katundu wakufa amagwera kunja kwa kona. Wamoyo amadzigwira, amatsamira mkati. Ndanyamulapo ng'ombe, ndanyamulapo simenti, ndanyamulapo anthu ozemba. Ndingasokoneze?" Anapukuta dzanja pa malaya. "Zoti ndi iye ndinadziwa pomwera tiyi. Amamwa mofuula ngati pampu yoyamwa mpweya. Zaka makumi atatu ndakhala ndikumuuza."

"Ndiye mbuzi ija..."

"Mbuzi ndi ya mlongo wanga. Zinazo ndi za msewu." Anamwetulira pang'ono, kumwetulirako n'kuzima. "Chikwama chachikulu ndikuchidziwanso. Ndinatsegula wadiropu m'mawa uja kufuna lamba, ndinapeza mahang'ala okhaokha akulira."

Ndinafumbata kiyi uja m'dzanja.

"Za iye sindikufunsa," anatero. "Ndakhala mtolo, ndikudziwa. Ndimakumva ukakhala m'bafa osatsegula madzi. Ndamulanga, mtima wanga watsika, zatha. Ndikufunsa chimodzi chokha. Tikubwerera angati?"

Funde linabwera, linabwerera.

"Mlongo wanga ndi munthu wabwino, koma nyumba yake sindikuidziwa. Kwathu ndimadziwa kuti kuchoka pa bedi kufika pa chitseko ndi mapazi asanu ndi limodzi. Kuno ndiyambirenso kuwerenga, pa msinkhu uno?" Anandifufuza ndi dzanja, koma ndinali nditasuntha, ndipo linagwira mphepo. "Akhale kutsogolo iyeyo, ayendetse. Ine ndikhala kumbuyo. Kunyumba azibwera monga amabwerera, ndizikweza mpira pa wailesi. Sindidzafunsa kuti geti yatalika bwanji."

Mwamuna amene ankatsitsa thiraki ya matayala makumi awiri pa phiri limenelo ndi dzanja limodzi, ataima m'madzi buluku lopinda, akupempha malo a mbuzi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima unandiswekera. Unasweka ndithu. Koma pansi pake panali kanthu kena kozizira kamene kanati, ukamubweza lero, ndi zaka zina makumi awiri.

"Dikirani pomwepa," ndinatero. "Ndikatenge thaulo."

"Ndidikira," anatero.

6

Nditatsegula loko, woyamba kutuluka anali tonde. Sipanala anatsika chokwawa. Mlomo wotupa, chipumi chotupa, malaya onyowa ndi zinthu zimene sindizitchula m'magazini ya anthu aulemu. Anathamangira kuseri kwa ngalawa, anakhalako nthawi, anabwera akutsimphina.

"Amadziwa?" anafunsa.

"Gwira mbuziyo."

Tinakwera kukafika pa geti yobiriwira. Ndinatsitsa zikwama ziwiri, Sipanala anamangirira tonde pa chipilala. Ndinagogoda. Alamu anga anatuluka manja ali ndi thovu.

"Alamu? Bwanji osaimba? Achimwene ali kuti?"

"Ali kunyanja, akutsuka mapazi. Jakisoni ndi m'mawa ndi madzulo, asanadye. Zonse zili m'kathumba kam'mbali."

Anayang'ana chikwama chachikulu, anayang'ana mwamuna wotupa mlomo amene anali atakhala kale pa chiwongolero. Anangopukuta manja pang'onopang'ono, akundiyang'ana ngati chinthu chimene apeza pansi pa nsapato.

Msewu wobwerera umadutsa pamwamba pa gombe. Ndinawaona. Kadontho ka malaya oyera, nkhope kunyanja, manja kumbuyo. Galimoto yawo ankaidziwa kulira kwake pakati pa galimoto zana. Sanatembenuke.

Ndinamva pambuyo pake kuti mlongo wawo anawapeza madzi atafika m'mawondo, chifukwa nyanja imeneyo imakwera masana. Atawagwira mkono anakana kusuntha. Ati mkazi wanga wapita kukatenga thaulo. Anachita kuitana asodzi awiri.

7

Tchuthi changa chija sichinachitike. Sipanala anayendetsa njira yonse atakhalira thako limodzi. Tinakhala limodzi miyezi inayi. Tsiku lina ananyamula zitsulo zake nati akandiona amamva fungo la tonde. Ndinamuuza kuti fungolo ndi lake, mbuzi inangobwereka. Ndi nthabwala yomaliza imene ndinamuuza, ndipo sanaseke.

Ku saluni ndinanena kuti a Giya akupuma mpweya wa kunyanja pa malangizo a dokotala. Anandiyamikiranso. Ati si akazi onse angalole kukhala okha chifukwa cha thanzi la mwamuna.

Patatha chaka ndinakwera basi. Musandifunse chimene ndinkafuna, sindinanyamule thaulo kapena mawu. Ndinawapeza atakhala pa benchi kunja kwa geti yobiriwira, ataonda, tsitsi litayera, atavala malaya amene ndinawagulira ine, mabatani ali m'malo mwake. Pakhoma panali chingwe chochokera pa chitseko kufika pa benchipo, chakuda ndi manja.

Ndinaima mapazi atatu kuchokera pomwe anali. Ndinati ndiyambe ndi nthabwala, ndinati ndiyambe ndi kugwada. Ndinangoima. Anakweza mutu, anapendeketsa khutu.

"Mayi," anatero, "kaya ndinu ndani, mwanditchingira dzuwa."

Ndinasuntha. Anatembenuzira nkhope kudzuwa n'kutseka maso awo osaonawo. Basi yobwerera inanyamuka ola lisanakwane, ine ndili momwemo.

Inu owerenga, ndikudziwa mwandiweruza kale, ndipo simunalakwe. Ena mwa inu muli ndi wodwala m'nyumba, ndipo muli ndi bafa lanu lomwe mumabisalamo. Sindikuuzani kuti musatope, kutopa sikupempha chilolezo. Ndikuuzani chokhachi: ngati mwaganiza zochoka, nenani ndi pakamwa panu kuti ndikuchoka. Munthu amapirira kusiyidwa. Chimene sindikudziwa ngati amapirira ndi kuuzidwa kuti adikire.

Makasitomala anga amandifunsa chifukwa chake masiku ano ndimaluka mwakachetechete. Ndimati ndi ukalamba. Zoona zake n'zakuti ndimakhala ndikuwerenga mapazi atatu aja. Munthu amene anamva mnzake akutsamira kuseri kwa chitsulo, injini ikulira, sangalephere kudziwa mkazi wake ataima pamphuno pake. Sindinatsegule pakamwa, sindinavale zidendene zogogoda. Nanga anadziwa bwanji kuti ndi mayi?